Friedhof: liwu lomwe linali mpanda lisanakhale mtendere

Ku Germany ndi ku Austria, komanso mbali ya Switzerland komwe amayankhula Chijeremani, manda amawatcha Friedhof. Liwuli mulipeza pa zikwangwani za m'misewu, pa malo okwerera basi ndi m'nyuzipepala pa tsamba la mauthenga a maliro. Katchulidwe kake ndi "friit-hoof", chifukwa ie wa Chijeremani ndi i wokoka, ndipo d akakhala kumapeto kwa phatikizo amamveka ngati t. Mutamuimitsa munthu mumsewu wa ku Hamburg n'kumufunsa kuti liwuli linachokera kuti, sangachedwe kukuyankhani. Akuuzani kuti Frieden ndi mtendere, Hof ndi bwalo, choncho Friedhof ndi bwalo la mtendere komwe otisiya amausa. Yankholi ndi lokoma kukhutu, ndipo ife amene timati "mzimu wake uuse mumtendere" tingalivomere msanga. Komatu anthu amene ankalitchula liwuli zaka zoposa 1,100 zapitazo sankanena za mtendere wa akufa. Poyambirira penipeni sankanenanso za manda n'komwe.

Chijeremani chimakonda kulumikiza mayina awiri kukhala limodzi, ndipo dongosolo lake ndi losavuta: liwu lakumapeto ndilo mwini nkhani, lakutsogolo limangonena mtundu wake. Ife timayambira kwina. Timati mwininyumba, iwo amati Hausherr, nyumba patsogolo mwini pambuyo. Krankenhaus ndi nyumba ya odwala, Handschuh ndi nsapato ya dzanja, chovala cham'manja chija. Motero Friedhof ndi mtundu wina wa Hof, ndipo mbali imeneyi ilibe mkangano.

Hof ndi liwu lakalekale lomwe silinasinthe maonekedwe kuyambira m'malemba oyambirira a Chijeremani, ndipo munthu wa Chichewa angalimve bwino kuposa Mngelezi, chifukwa limayenda njira zomwe "bwalo" amayenda. Hof ndi pabwalo pa nyumba. Schulhof ndi bwalo la pasukulu pomwe ana amasewera, Bauernhof ndi pakhomo pa mlimi pamodzi ndi makola ndi nkhokwe zake, Gasthof ndi nyumba ya alendo, Gerichtshof ndi bwalo la milandu. Sitima zapamtunda zitafika m'zaka za m'ma 1830, siteshoni anaitcha Bahnhof, bwalo la njanji, monga ife tinatchulira bwalo la ndege. Kunyumba ya mfumu, pamodzi ndi nduna ndi antchito ake, ankatinso Hof. Munthu wodziwa kukhala pamaso pa mfumu ankamuti höflich, ndipo mpaka lero limeneli ndilo liwu la munthu waulemu. Ngakhale hübsch, kutanthauza wokongola, anachokera komweko: poyamba ankanena munthu wa makhalidwe a kubwalo la mfumu. Abale a Ajeremani, anthu akale a ku Iceland ndi Norway, ankatcha kachisi wa milungu yawo hof.

Nkhani yonse yagona pa theka loyamba lija.

Cha m'ma 830, mlakatuli wina amene dzina lake silinasungidwe analemba moyo wa Yesu m'ndakatulo yaitali yotchedwa Heliand, kutanthauza Mpulumutsi, m'chiyankhulo cha Asakisoni a kumpoto kwa Germany. Atafika pa usiku umene Yesu anagwidwa, akusimba zoti wophunzira wina wodziwika pakhomo pa mkulu wa ansembe anapempha mlonda wapachipata kuti Petro alowe. Malo amene Petro analowawo, pomwe anthu ankaotha moto, pomwe anakana Mbuye wake katatu, mlakatuliyo anawatcha frîdhof. Panalibe mtumbira ngakhale umodzi pamenepo. Linali bwalo la m'kati mwa mpanda. Amonke a nthawi yomweyo, amene ankalemba matanthauzo a mawu a Chilatini m'mphepete mwa mabuku awo, akapeza liwu loti atrium, bwalo la kutsogolo kwa nyumba yaikulu kapena kwa tchalitchi, ankalembapo frîthof.

Kachizindikiro kali pamwamba pa î kakusonyeza kuti anali i wokoka, ndipo apa m'pamene pali umboni waukulu. Liwu la mtendere nthawi imeneyo linali fridu, la i wamfupi. Theka loyamba la frîthof limachokera ku mneni wina, frîten, yemwe ankatanthauza kusamala chinthu, kuchitchinjiriza, kuchileka osachiononga. Mneniyu tikumupezanso m'Baibulo lomwe bishopu Wulfila anamasulirira anthu a mtundu wa Agoti m'zaka za m'ma 300, lomwe ndi buku lakale kwambiri m'banja lonse la ziyankhulo zimenezi. Pa Aroma 11:21, pomwe Paulo akunena za nthambi zimene Mulungu sanazisiye zosadula, Wulfila anagwiritsa ntchito mneni freidjan. Choncho frîthof linali bwalo losamalidwa, lozingidwa, lomwe munthu sangalowemo ndi chiwawa. Amene anakulira kumudzi akudziwa kuti mitengo ya kumanda sitigwetsa wamba, ndipo nthawi zambiri ndi nkhalango yokhayo yomwe imatsala minda ikazungulira ponseponse. Ganizo la frîten ndi lomwelo, la malo omwe nkhwangwa imawalambalala.

Akufa anabwera pambuyo, ndipo anabwera ndi lamulo. Makolo a Asakisoni ankatentha mitembo kapena kuiika m'zitunda zadothi kutali ndi midzi. Mfumu Charlemagne, pomwe inkawagonjetsa ndi kuwabatiza mokakamiza, inakhazikitsa malamulo cha m'ma 782 onena kuti wotentha mtembo aphedwe, ndipo mitembo ya Akhristu izipita kumanda a tchalitchi, osati ku zitunda za achikunja. M'kupita kwa zaka unakhala mwambo m'madera onse a Ajeremani kuti munthu aziikidwa pafupi ndi tchalitchi cha parishi yake, kufupi ndi guwa ndi mafupa a oyera mtima. Bwalo lozingidwa lija linadzaza ndi mitumbira, ndipo dzina la bwalolo linasanduka dzina la manda.

Tisaganize kuti malo amenewa anali achete. Bwalo la tchalitchi linali pakatikati pa mudzi kapena mzinda, ndipo chifukwa linali lodalitsidwa, munthu wothamangitsidwa ndi adani ankathawiramo, omulondolawo n'kuima pachipata. M'madera ena anamanga makoma aatali okhala ndi zibowo zoponyera mivi, kuti nkhondo ikabwera mudzi wonse ubisalemo ndi ziweto ndi mbewu. Anthu ankagulitsamo malonda, kukambiramo milandu, kudyetsamo ziweto. Mu 1527, mliri utabuka ku Wittenberg, Martin Luther analemba kalata yoyankha funso loti kodi Mkhristu angathawe mliri, ndipo kumapeto kwake anadandaula za manda a mumzinda wakewo. Anati asanduka njira ndi misika, anthu ndi ziweto akudutsapo usana ndi usiku, kotero kuti mumzinda monse munalibe malo aphokoso kuposa amenewo. Iye ankafuna kuti manda akhale kunja kwa mzinda, pamalo abata pomwe munthu angaime n'kulingalira za imfa ndi kuuka kwa akufa. Mtendere umene mpanda wakale unkapereka unali wa amoyo, wa munthu wothawa lupanga. Bata la akufa linali lisanafike.

Tsopano tibwere ku katchulidwe, komwe kuli chinsinsi chenicheni. Kuyambira zaka za m'ma 1100, kumwera chakum'mawa kwa dera loyankhula Chijeremani, anthu anayamba kutchula î wokoka ngati "ai", ndipo kusinthaku kunafalikira pang'onopang'ono kwa zaka mazana angapo mpaka kunalowa m'chiyankhulo cholembedwa. Mîn, changa, anakhala mein; zît, nthawi, anakhala Zeit; wîn, vinyo, anakhala Wein. Momwemonso hûs anakhala Haus. Kusintha kotere sikusankha mawu. Kumagwira liwu lililonse lokhala ndi kamvekedwe kameneko. Ndiye vrîthof, monga ankalembera panthawiyo, ankayenera kukhala Freithof. Ndipo anakhaladi. Ku Bavaria ndi ku Austria, okalamba oyankhula chakumudzi amati Freithof mpaka pano. Mumzinda wa Neuss, m'mbali mwa mtsinje wa Rhine, bwalo loyandikana ndi tchalitchi chachikulu cha Quirinus Woyera limatchedwa Freithof. Kuoloka malire kulowa ku Netherlands, bwalo lotchuka la pakati pa mzinda wa Maastricht, pafupi ndi tchalitchi cha Servatius Woyera, ndi Vrijthof, liwu lomwelo litavala Chidatchi.

Nanga bwanji chiyankhulo cha m'mabuku chinatsala ndi Friedhof? Zinthu zitatu zinakumana. Mneni frîten anafa, kotero kuti palibe amene ankadziwanso tanthauzo la theka loyamba lija. Kumpoto kwa Germany ndi kumwera chakumadzulo, î wokoka sanasinthe; ku Switzerland mpaka lero amati Ziit ndi Huus. Ndipo liwu la mtendere, vride, linatalikitsa i wake n'kukhala Friede. Mawu awiri omwe kale ankasiyana m'kamwa anayamba kumveka chimodzimodzi, limodzi lodziwika kwa aliyense, linalo lamasiye. Pamaliro wansembe ankapemphera m'Chilatini kuti wakufayo ause mumtendere. Khutu la munthu wolira linamva zomwe mtima wake unkafuna kumva, ndipo alembi anatsatira khutulo.

Pali kachizindikiro kena kakang'ono. Ajeremani akamapanga dzina latsopano kuchokera ku mtendere, kawirikawiri amaika -ns- pakati: Friedensvertrag ndi pangano la mtendere, Friedenstaube ndi nkhunda ya mtendere. Likanapangidwa dzulo, liwu lathuli likanatha kukhala Friedenshof. Umenewu si umboni wokwanira paokha, koma ukugwirizana ndi zomwe malemba akale akusonyeza.

Friedhof sali yekha pa ulendo wotere. Chigumula cha Nowa ankachitcha sinvluot, chigumula chachikulu chokuta paliponse; sin ataiwalika, anthu anamva Sünde, tchimo, ndipo kwa zaka zambiri ankalemba Sündflut, chigumula cha machimo. Kanyama kofukula pansi ngati mfuko kanali mûwerf, woponya milu ya dothi, lero ndi Maulwurf, woponya ndi pakamwa, ngakhale kamakumba ndi miyendo yakutsogolo. Machira ogonamo omwe amalinyero anawapeza kwa Ataino a ku zilumba za Caribbean ankatchedwa hamaca. Atadutsa m'Chisipanishi ndi m'Chidatchi anakhala Hängematte, mphasa yolendewera. Munthu sakonda kutchula liwu lopanda tanthauzo, ndiye amalipinda mpaka lifanane ndi lomwe akulidziwa.

Mabuku ambiri amathera pomwepa, n'kunena kuti anthu wamba analakwitsa. Ine ndikuona kuti pa Friedhof chigamulo chimenecho ndi chofulumira, chifukwa mawu awiri amene anasokonezedwawo ndi pachibale. Frîten ndi fridu ndi mphukira za muzu umodzi, ndipo muzu umenewo umafika kutali kwambiri. M'Chisansikiriti, chiyankhulo chakale cha ku India, priya ndi wokondedwa, ndipo mpaka lero ndi dzina la atsikana ambiri kumeneko. Jacob Grimm, katswiri wa ziyankhulo wa ku Germany, mu 1822, anafotokoza mwadongosolo kuti pomwe ziyankhulo zakale monga Chilatini ndi Chisansikiriti zili ndi p, ziyankhulo za banja la Chijeremani zili ndi f: pomwe Chilatini chili ndi pater, bambo, Chijeremani chili ndi Vater, yemwe amatchulidwa ndi f, ndipo pomwe chili ndi piscis, nsomba, Chijeremani chili ndi Fisch. Potsata lamulo lomweli, pri- anakhala fri-.

Taonani ana a muzu umenewu. Freund, bwenzi, poyamba ankatanthauza "amene akukonda". M'Baibulo la Wulfila frijôn ndi kukonda, frijônds ndi bwenzi. Frei, mfulu, ankatanthauza wokondedwa, wa m'banja, wathu, kusiyana ndi kapolo amene anabwera ndi nkhondo kapena malonda. Freitag, Lachisanu, ndi tsiku la Frija, mulungu wamkazi yemwe dzina lake ndi "wokondedwa". Free, friend ndi Friday a Chingelezi ndi a m'nyumba yomweyo, ndipo dzina loti Friedrich ndi mtendere ndi ulamuliro zitalumikizana. Ulusi wake ukuoneka: amene umamukonda umamusamala, sumutukulira dzanja, ndipo pakati pa anthu osatukulirana dzanja pamakhala mtendere.

Komanso mtendere wa Ajeremani akale sunali kumva bwino mumtima. Unali chitetezo cha lamulo chokhala ndi malire ake, omwe munthu ankatha kuwaloza ndi chala. Burgfrieden unali mtendere wa m'kati mwa linga, komwe ndewu inali yoletsedwa. Landfrieden unali wa dziko lonse, ndipo mu 1495, pa msonkhano wa ku Worms, mfumu Maximilian I inalengeza wamuyaya, kuletsa olemekezeka kubwezerana okha ndi nkhondo. Lero lomwe, munthu wolowa m'nyumba kapena mumpanda wa mnzake popanda chilolezo amazengedwa mlandu wa Hausfriedensbruch, kuswa mtendere wa nyumba. Ndipo m'chiyankhulo cha maofesi, kumanga mpanda kuzungulira puloti ndi einfrieden, mpandawo ndi Einfriedung. Mtendere ndi mpanda zinkakhala m'liwu limodzi kuyambira kale. Anthu amene anamva Friede m'kati mwa vrîthof anaphonya khomo, koma analowa kwa m'bale.

Mbale wa Jacob Grimm uja, Wilhelm, anagwirizana naye mu 1838 kuti alembe mtanthauziramawu wamkulu wa Chijeremani, wotsata liwu lililonse kuchokera komwe linayambira. Ntchitoyo inawakulira. Wilhelm anamwalira mu 1859 atamaliza lembo D, ndipo Jacob anamwalira mu 1863 ali pa liwu loti Frucht, chipatso, atangodutsa Friede ndi Friedhof. Akatswiri ena anaipitiriza mpaka kuimaliza mu 1961.

Kwa zaka mazana ambiri Friedhof sanali liwu lokhalo, ndipo m'madera ambiri sanali lalikulu. Kumpoto ankati Kirchhof, bwalo la tchalitchi, ngati kerkhof wa Chidatchi. Kumwera ankakonda Gottesacker, munda wa Mulungu, kutengera 1 Akorinto 15, pomwe thupi limafesedwa ngati mbewu kudikira kuuka. Katswiri wa maganizo ozama wa Chijeremani, Immanuel Kant, poyamba kabuku kake ka mu 1795 konena za mtendere wamuyaya pakati pa mayiko, anatchula chikwangwani cha nyumba ya alendo ya Mdatchi wina chomwe chinali ndi mawu amenewo pamwamba pa chithunzi cha manda, ndipo mandawo anawatcha Kirchhof.

Chomwe chinakweza Friedhof ndi kusamuka kwa manda. Mizinda inakula, mabwalo a matchalitchi anadzaza mpaka mafupa akale ankafukulidwa kuti apereke malo, ndipo anthu ankaopa kuti mpweya wa mitembo ukufalitsa matenda. Nuremberg inayamba msanga: mu 1518 akuluakulu a mzindawo analamula kuti maliro aziikidwa kunja kwa malinga, n'chifukwa chake katswiri wojambula Albrecht Dürer, yemwe anamwalira mu 1528, agona ku Johannisfriedhof. Mfumu Joseph II inatseka manda a m'kati mwa Vienna m'zaka za m'ma 1780. Malamulo a dziko la Prussia a mu 1794 analetsa kuika maliro m'matchalitchi ndi m'madera a mizinda momwe mukukhala anthu. Lamulo la Napoleon la mu 1804 linagwira ntchito kutsidya la kumadzulo kwa Rhine, lomwe panthawiyo linali m'manja mwa France, ndipo mzinda wa Cologne unatsegula manda a Melaten mu 1810. Kenako kunabwera manda akuluakulu a makhonsolo: Zentralfriedhof wa ku Vienna mu 1874, ndi Ohlsdorf wa ku Hamburg mu 1877, womwe ndi wa mahekitala 389, waukulu moti m'kati mwake mumayenda mabasi.

Manda opanda tchalitchi sangatchedwe bwalo la tchalitchi. Manda a khonsolo, momwe mumagona Mkatolika, Mlutera ndi wosapemphera, sangatchedwe munda wa Mulungu popanda wina kudandaula. Friedhof analibe vuto limeneli, ndipo ankakwaniranso manda a Ayuda. Chinanso n'chakuti malo atsopanowa analidi achete, a mitengo, maluwa ndi tinjira tosesedwa, monga Luther ankafunira. Tanthauzo lomwe khutu linaphonya nalo linadzakhala loona patapita zaka mazana. Lero Ajeremani ali ndi liwu loti Friedhofsruhe, bata la kumanda, lomwe amanenera dziko limene anthu atsekedwa pakamwa ndi mantha. Ife tikati munthu wapita kulichete timagwira mbali yomweyo ya manda.

Mpanda uja sunatheretu. M'madera ambiri a Germany muli lamulo lotchedwa Friedhofszwang, lokakamiza kuti thupi, ngakhale phulusa la munthu wotenthedwa, liikidwe kumanda ovomerezeka kapena m'nyanja, osati kusungidwa kunyumba. Bremen inafewetsa lamuloli mu 2015, kulola kuti phulusa limwazidwe pamalo a munthu mwini ngati malemuyo analemba kuti akufuna choncho. Manda enieniwo sagulidwa kwamuyaya. Banja limalipira malo kwa nthawi yotchedwa Ruhezeit, nthawi yopuma, yomwe kawirikawiri imakhala zaka 20 mpaka 30, ndipo ikatha popanda kuonjezera, chipilala chimachotsedwa, malowo n'kupatsidwa wina. Kutentha mitembo, komwe Charlemagne ankaphera anthu, kunabwerera mu 1878 pomwe nyumba yoyamba yotenthera inatsegulidwa ku Gotha, ndipo masiku ano ndiyo njira imene Ajeremani ambiri amasankha.

Mu 2001, m'nkhalango ya Reinhardswald kumpoto kwa Kassel, mzinda womwe abale a Grimm anakhalamo zaka zambiri, anatsegula malo oyamba ku Germany oikira phulusa la akufa patsinde pa mitengo. Ganizoli linachokera ku Switzerland. Kulibe zipilala, kulibe mizere ya mitumbira, pamtengo amangokhomapo kachitsulo kakang'ono ka dzina. Dzina lomwe anawapatsa malowa ndi FriedWald. Anachotsa Hof n'kuikapo Wald, nkhalango, ndipo Fried- uja, yemwe m'masiku a Heliand ankanena za bwalo lozingidwa, anamusiya kutsogolo kuti anene za mtendere pakati pa mitengo yopanda khoma.